Akuti ndine "barmy", chonsecho banzi limene ndimadya ndi "barm": mawu awiriwa ndi pachibale?

Kondwa wa ku Bolton: Abale anga a pagulu pano, makamaka inu aphunzitsi, tandithandizeni. Kuno kumpoto kwa England kabanzi kozungulira kaja sakatchula bun kapena roll ayi, amati barm. Ukalowa mu shopu ya chips umangoti chip barm, amadula banzi pakati kupakamo majarini nkuthiramo chips basi wadya. Ndakhala ndikudya zimenezi zaka zitatu osafunsa. Nde dzulo kuntchito ndimauza mayi wina wachikulire amene timagwira naye kuti Disembala ndikupita kumudzi koma ndikakhalako masabata awiri okha, tikiti yokha ndalama zonse zija, iye kungondiyang'ana nkuti you're barmy. Ndinaseka nawo osamva, nditafunsa mnzanga akuti ndiye kuti mutu sukuyenda bwino. Usiku ndagona ndikuganiza, banzi ndi misala zikumana pati? Kapena mawuwa angofanana ngati mmene ife timanenera mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga pamsika?

Mfana wa Ndix: kkkkk mayiyo sananame man, masabata awiri? bola mungotumiza dollar yo timange mpanda

Nachisale: Achimwene musawamvere awa, bwerani amayi anu adzakuoneni ndi maso, mpanda sulankhula.

Aphunzitsi Opuma: Bambo Kondwani, yankho la funso lanu lili mumtsuko wa mowa. Barm ndi thovu lija limayandama pamwamba mowa ukamawira, loderako, lolimbirako ngati phala la mwana. M'Chingerezi chakale chimene ankayankhula zaka 1000 zapitazo ankati beorma. Thovu limenelo ndi yisiti yeniyeni, yamoyo. Kalelo kunalibe timapaketi ta yisiti togula pa golosale, wophika buledi ankapita kwa wofulula mowa kukapempha kapena kugula thovulo nkukasakaniza ndi ufa wa tirigu kuti utupe. Banzi lotupitsidwa motero linkatchedwa barm cake, anthu a ku Lancashire kumene muliko anangodula mchira kutsala barm. Lero ophika ambiri amagwiritsa ntchito yisiti wamba koma dzina linakanirira.

Tsono barmy. M'zaka za m'ma 1500 liwuli linkanena mowa weniweniwo, wodzaza thovu. Pofika cha m'ma 1600 anayamba kunenera munthu wosakhazikika, wotengeka, amene m'mutu mwake zinthu zikungotumphuka ngati mumtsuko tsiku lachitatu. Ndiye inde, ndi a bere limodzi.

Kondwa wa ku Bolton: Haa! ndiye kuti anandiuza kuti m'mutu mwanga muli thovu la mowa, munthu ine sindinalawepo ngakhale thobwa logona

Mfana wa Ndix: thobwa logona simunalawe inu? tisayambe kuulula zakale pano akulu

Gani ku Kent: Pepani aphunzitsi koma apa nditsutsako pang'ono. Ine ndili ku Maidstone ndipo pafupi pompano pali malo otchedwa Barming, kale kunali chipatala chachikulu cha anthu odwala misala. Azungu akuno amanena okha kuti barmy anachokera pamenepo, ngati mmene kwathu munthu akati "uyu ngwa ku Zomba" aliyense amadziwa kuti sakunena za phiri kapena Chanco. Izi ndamva kwa eni dera osati m'buku.

Aphunzitsi Opuma: Kutsutsa nkololedwa bambo Ganizani, ndinkawauza ana a fomu 4 kuti asamangomeza. Koma tawerengani zaka. Chipatala cha ku Barming Heath chinatsegulidwa mu 1833, pamene liwu loti barmy linali litalembedwa kale zaka pafupifupi 300 m'mbuyo mwake. Mwana sangabale agogo ake. Nkhani zotere zimakoma pokamba chifukwa dzina likufanana ndipo malowo ukuwaona ndi maso, nchifukwa chake eni dera amazikonda.

Pali china chimene chinalowererapo, chimenechi ndiye chenicheni. Ku London m'zaka za m'ma 1850 anthu a m'misewu ankanena munthu wozerezeka kuti balmy, ndi l. Liwu limenelo ndi lina, likuchokera ku balm, mafuta onunkhira ofewetsa thupi. Koma Mngerezi wa ku London satchula r wa mu barmy, komanso satchula l wa mu balmy, onse awiri amangomveka baami. Ndiye mawu awiriwa anasakanikirana mkamwa, pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 tanthauzo la kupepera linakhazikika pa barmy, balmy nkutsala wonena nyengo yofunda bwino yopanda mphepo.

Mfana wa Ndix: Dikirani dikirani. Ndiye kuti azungu nawonso l ndi r inawasokoneza?? Ine anandikwapula sitandade 6 chifukwa cholemba liver mmalo mwa river. Ndikufuna chipepeso

Nachisale: kkkkkk iwe unakwapulidwa chifukwa cha zambiri

Gani ku Kent: Chabwino za zaka ndagonja. Koma ndikawauzabe anzangawa kuti aphunzitsi aku Malawi akuti mukunama, ndione nkhope zawo

Nachisale: Ine chandigwira mtima ndi pamene aphunzitsi anena kuti mowa ukamawira. Ndakulira kwa agogo ku Ntcheu, anali katswiri wofulula masese mudzi wonse ukakhala ndi dima kapena m'meto amabwera kwa iwo. Ndimakumbuka amanyika chimanga ndi mawere m'madzi, kuvundikira ndi masamba mpaka zimere timizu toyera, kuyanika padzuwa, kusinja, chimera chimenecho. Kenako kuphika phala m'migolo, kulisiya lizizire, kuthira chimera, phala lolimba lija nkusungunuka kukhala lamadzimadzi lotsekemera, ife ana timadikira pamenepo kuti atipatse thobwa. Ndiye masiku akamapita umamva usiku mnyumba muli zii koma mtsuko uli kuseri kwa chitseko ukulankhula wokha, tswii tswii, agogo nkumati mowa ukuwira. Ine ndili mwana ndinapita kukagwira mtsuko kuti ndione ngati ukuotcha, ndinapeza wongofunda pang'ono, pansi palibe moto palibe khala. Ndinawafunsa kuti agogo ukuwira bwanji opanda moto, anangoti choka apo ungausasitse.

Aphunzitsi Opuma: Mayi Nachisale mwafika pamtima pa nkhani. Funso munawafunsa agogo anulo ndi limene lili mkati mwa mawu onsewa. Aroma ankati fervere kutanthauza kuwira kwa madzi pamoto, pamenepo ndi pamene panachokera fermentum, chotupitsa, ndipo Chingerezi chinatengapo ferment. Akatswiri a zinenero amati barm, brew ndi fervere akuchokera ku muzu umodzi wakalekale wonena kuwira ndi kutumphuka, broth msuzi wa nyama nayenso ali m'banja lomwelo. Yeast ndi wa banja lina, kale ankati gist, koma mukamutsata naye mumakafika ku liwu lachigiriki lonena kuwira. Anthuwa sanakumanepo ndi agogo a ku Ntcheu, koma onse anayang'ana mumphika wopanda moto, naona thovu likukwera, nati ukuwira. Ife sitinavutike nkupanga liwu lachiwiri, madzi a tiyi amawira, mowa umawira.

Nachisale: Komanso mowa umapsa. Nsima yapsa, mango apsa, mowa wapsa, nyumba yapsa, mtima wapsa. Mzungu wophunzira Chichewa amalira pamenepa

Thoko wa ku lab: Ndilowerereko ndi za sayansi pang'ono poti izi ndi zimene ndimadya nazo. Chimene chimaoneka ngati kuwiracho ndi mpweya wa carbon dioxide. Chimera chija ntchito yake ndi kuphwanya sitalichi ya mu ufa kuti isanduke shuga, nchifukwa chake phala limasungunuka nkutsekemera monga anenera achemwali. Kenako yisiti imadya shugayo nkutulutsa zinthu ziwiri, mowa ndi mpweya. Mu buledi ndi zomwezo, mpweya umakodwa mu ufa wokanda nkuutupitsa, kamowa kake kamauluka mu uvuni. Mu masese mulinso mabakiteriya opanga asidi, ndiwo amabweretsa kuwawasa kuja.

Koma chosangalatsa nchakuti anthu afulula mowa zaka masauzande osadziwa kuti thovulo ndi chamoyo. Lamulo lotchuka la mowa la ku Bavaria la 1516 linatchula madzi, barele ndi hops (timaluwa towawitsa mowa) basi, yisiti mulibemo. Leeuwenhoek wa ku Holland anaiona pa maikulosikopu yake mu 1680, timibulu tating'ono, koma sanadziwe kuti tili moyo. Mu 1837 akatswiri ena monga Theodor Schwann atanena kuti yisiti ndi chamoyo chimene chimaswana, akuluakulu a chemistry anawaseka. Liebig ndi Wöhler mu 1839 anafika potulutsa nkhani yachipongwe mu magazini ya sayansi, yonena za tizilombo timene timadya shuga nkumachita chimbudzi cha mowa ndi kukodza mpweya. Ankaseka, koma chimene ankachisekacho sichinali kutali ndi zoona. Pasteur ndiye anadzatseka pakamwa anthu kuyambira mu 1857, mpaka analemba buku lonse la mowa mu 1876.

Mfana wa Ndix: ndiye mukundiuza kuti weekend yonse ija ndimalipira manyi a tizilombo

Thoko wa ku lab: Mwanena ndinu achimwene

Mai a Mvano: Koma abale gulu lino tinalitsegula kuti tizithandizana za chiyankhulo ndi ana athu a sukulu, lero kuyambira mmawa ndi mowa mowa mowa. Ena tili ndi ana amene amatigwirira foni. A admin taonaniponi.

Aphunzitsi Opuma: Mayi, ndakumvani ndipo sitikuitanira munthu ku bawa. Koma mundilole ndikupatseni kanthu kamene mungakakambe Lachinayi. Tsegulani Mateyu 13 ndime 33, fanizo la mkazi amene anatenga chotupitsa mkate nkuchibisa mu miyeso itatu ya ufa. Angerezi atamasulira Mauthenga Abwino m'chiyankhulo chawo cha nthawi imeneyo, cha m'ma 1000, pamene ife timati chotupitsa iwo analemba beorma. Ufumu wa Kumwamba anaufanizira ndi barm yemweyu, chifukwa chotupitsa chimene mayi wa ku England ankachidziwa chinali chimenecho. Ndiponso ku Norwich muli zolembedwa za mu 1468 zimene zikutchula barm ndi dzina lina loti godisgood, kunena kuti Mulungu ndi wabwino, poti sankadziwa chimene chimatupitsa, ankangoti ndi chisomo. Ndipo mukamapemphera pa Chingerezi kuti fervent prayer, fervent ameneyo ndi fervere uja, pemphero lowira.

Mai a Mvano: Aphunzitsi inu ndinu ovuta kkkk. Chabwino za pemphero lowira ndazitenga. Koma pa Agalatiya 5 Paulo akuti chotupitsa chaching'ono chitupitsa mtanda wonse, ndipo sakuyamikira ayi. Mfana wa Ndix amve pamenepo.

Mfana wa Ndix: amayi ine ndangodutsa

Thoko wa ku lab: Poti tafika ku Baibulo, liwu lachigiriki limene lili pa ndime zimenezo ndi zyme. Enzyme amene ana amaloweza mu biology akuchokera pomwepo, en ndi zyme, kunena kuti cha mu chotupitsa. Analipanga ndi Mjeremani Wilhelm Kühne m'zaka za m'ma 1870. Ndiye mwana wa Mai a Mvano akagwira foni apindulapo, zibwera pa MSCE izi.

Zé wa ku Ulongwe: Moni nonse kuchokera ku Angónia. Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma pa thovu apa sindingakhale chete. Kachasu amene amatcheza kwanuko ndi kwathu kuno dzina lake ndi lachipwitikizi, cachaça, mowa wa nzimbe wa ku Brasil. Koma poyamba cachaça sunali mowa. M'minda ya nzimbe akamaphika madzi a nzimbe m'miphika ikuluikulu kuti apange shuga, pamwamba pamabwera thovu lakuda limene amaliwaula nkutaya kapena kupatsa ziweto, thovu limenelo ndiye linali cachaça. Likakhala limasasa, anthu nkuzindikira kuti muli kanthu. Ndiye onani, Mngerezi thovu lake linapita ku banzi ndi ku misala, Mpwitikizi thovu lake linakwera Zambezi nkudzakhala kachasu.

Nachisale: A Zé izi ndiye sindimadziwa, ine ndimayesa kachasu ndi Chichewa chenicheni cha makolo, ka- yo ndimayesa ndi ka kamwana, kambuzi

Zé wa ku Ulongwe: Ndi mmene linakhalira msanga pakamwa pathu achemwali, linabwera litavala kale ka-. Ngati mbatata ndi nsapato, pa Chipwitikizi ndi batata ndi sapato. Komanso a Thoko dzina la yisiti yanu ija mumati cerevisiae eti? Ife mowa wa m'botolo timati cerveja.

Thoko wa ku lab: Eya, Saccharomyces cerevisiae, kumasulira kwake ndi bowa wa shuga wa mu mowa. Cerevisia ndi mowa pa Chilatini, cerveja ndi cerveza ndi adzukulu ake. Ndipo ndi yisiti imeneyi imene imapanga barm, chifukwa imakwera pamwamba ndi mpweya nkupanga chithovu chimene ungachiwaule ndi chipande. Mowa wa Angerezi wa ale ndi wotero. Lager ndi wina, yisiti yake imagwira ntchito kozizira nkukhazikika pansi. Lager pa Chijeremani ndi mosungira katundu, chifukwa ku Bavaria ankausunga miyezi m'mapanga ozizira. Ndiye simungamve Mjeremani wa lager akukamba zowaula thovu la buledi mmene ankachitira a ku Lancashire.

Ndipo apa pali ulusi wofika kwathu. Munthu woyamba kupatula yisiti ya mtundu umodzi yokhayokha nkuilera payokha anali Emil Christian Hansen mu 1883, ku labotale ya Carlsberg ku Copenhagen. Isanafike nthawi imeneyo aliyense ankangotenga thovu la mowa wapita kuthira mu watsopano, zabwino ndi zoipa zomwe. Ndipo fakitale yoyamba ya Carlsberg kunja kwa Denmark ndi ija ya ku Blantyre ya 1968.

Nachisale: Zothira wakale mu watsopano ndi zimene ankachita agogo! Anali ndi mtsuko umodzi wakuda umene sankalola munthu kuukwecha ndi mchenga, amangoutsukuluza. Amati mtsuko uwu umadziwa mowa. Tsiku lina mlamu wawo wina waukhondo kwambiri anaukwecha mpaka mbee, mowa wotsatira unachedwa kuwira ndipo kunali mlandu. Koma iwo sanaloze mtsuko, anayamba kufufuza kuti ndani m'nyumbamo sanadike, poti mukudziwa mwambo wake, mowa ukakhala pamoto akuluakulu amagona moyang'ana kukhoma.

Mfana wa Ndix: kkkkkkk "moyang'ana kukhoma" Mai a Mvano bisani foni

Aphunzitsi Opuma: Musawaseke agogo, Angerezi nawo mowa ukakana ankasaka wolakwa. Amene munawerengako A Midsummer Night's Dream ya Shakespeare, pali pamene akuwerenga zoipa za kamzimu kopulupudza kotchedwa Puck, kuti kamasokeretsa apaulendo usiku, kamalepheretsa mayi kupanga batala, ndipo kamachititsa kuti chakumwa chisatulutse barm. Liwu lake ndi lomweli. Mowa wopanda thovu kwa iwo unali wolodzedwa. Ndipo ofulula ambiri nthawi zakalezo anali amayi, m'nyumba zawo, monga kwathu. Mkazi wofulula ankatchedwa brewster, ndipo dzina la banja loti Brewster linachokera pamenepo, monga Baxter wophika buledi ndi Webster woluka nsalu.

Ba Phiri Kitwe: Mwauka bwanji a Malawi. Ine nifuna kuikako ya kwathu. Imwe mukamba mawu a Chizungu amene anachoka ku mowa, ife tili na liwu la Chizungu limene linalowa mu mowa. Chibuku inayambira kuno ku Zambia m'ma 1950, anayambitsa ni mzungu Max Heinrich, ndipo nkhani yake ni yakuti anali kulemba zonse za kaphikidwe mu buku. Book, buku, chibuku. So mukagwira paketi ya shake shake ziwani kuti mwagwira chi-buku chachikulu, ndimwe ophunzira.

Mfana wa Ndix: Ba Phiri mwandipatsa yankho la kwa madam. "Unali kuti?" Ndinali ku library

Mai a Mvano: Mwana uyu ngofunika kumusanjika manja

Chisomo ku Dublin: Funso aphunzitsi. Kuno ku Ireland nthawi ya Halloween amagulitsa buledi wa zipatso zouma wotchedwa barmbrack, mkati amabisamo mphete, woipeza akuti akwatira msanga. Ameneyu ndi barm yemweyo?

Aphunzitsi Opuma: Mwana wanga apa samalani, ndi msampha wonga wa ku Barming uja. Dzinalo ndi la Chiairishi, bairín breac, bairín ndi mtanda wa buledi, breac ndi wamawangamawanga chifukwa cha zipatso zija. Angerezi atalimva analikokera ku liwu limene ankalidziwa kale nkulemba barm. Khutu limachita zimenezi, likamva liwu lachilendo limalifunira m'bale.

Gani ku Kent: Nanga Birmingham? Ndinaona penapake kuti kale ankalemba Beormingaham, beorma wanu uja ali momwemo. Musandiuze kuti mzinda wonse uja ndi thovu

Aphunzitsi Opuma: Beorma wa mu Birmingham ndi dzina la munthu. Ing ndi anthu ake, ham ndi mudzi, ndiye kuti mudzi wa anthu a Beorma, monga timanenera kwa Kachindamoto kapena kwa Chimutu. Bambo Ganizani lero mwaponya miyala iwiri yonse yaphonya, koma musaleke.

Gani ku Kent: Ndiponyanso wachitatu, uwu sungaphonye. Barmy Army, ochemerera timu ya cricket ya England. Dzinali anawapatsa ndi atolankhani a ku Australia pa mpikisano wa Ashes wa 1994 mpaka 1995, chifukwa timu imangoluza koma iwo ali pa dzuwa kuimba osaleka, atalipira ndege ulendo wonse uja. Ndiye a Kondwa muli ndi anzanu okwera ndege mopanda nzeru.

Aphunzitsi Opuma: Uwo wagunda.

Kondwa wa ku Bolton: kkkk ndalandira. Koma tsono mundimvetse za mabanziwa, dziko lino ndi lodabwitsa, banzi lomwelomwelo ukayenda ola limodzi lasintha dzina. Kuno ndi Manchester ndi Wigan ndi barm, ku Nottingham ndi Leicester akuti cob, ku Coventry batch, mbali zina za Yorkshire teacake, ena bap. Ndinapita ku Leicester kukaona msuweni wanga ndikuti chip barm mtsikana wa mu shopu kungondiyang'ana ngati ndayankhula Chitumbuka. Ndipo amakangana zenizeni, kuposa ife pa chigumu ndi chikondamoyo. Ku Wigan ndiye anafika poika pie yathunthu mkati mwa barm, ufa mkati mwa ufa, amati pie barm ena Wigan kebab. Kuno ku Bolton amaikamo pasty.

Nachisale: Nsima yodyera nsima imeneyo

Mfana wa Ndix: inu simunadyepo banzi loikamo mandasi? umphawi uli ndi luso sister

Thoko wa ku lab: A Kondwa mukapeza bekale imene ikugwiritsabe barm weniweni mulawe mutiuze. Amayenera kumveka kakuwawa pang'ono chifukwa thovu la mowa wa Angerezi limatenga hops, ophika akale ankalitsuka ndi madzi kuti kuwawako kuchepe. Ndipo si Angerezi anayamba, Pliny wa ku Roma zaka pafupifupi 2000 zapitazo analemba kuti anthu a ku Gaul (France ya lero) ndi Spain ankatupitsa buledi ndi thovu la mowa wawo, nchifukwa chake buledi wawo anali wopepuka kuposa wa ena.

Nachisale: Ndiye thovu la masese lingatupitse mandasi? Ndikufunsa zenizeni, yisiti yakwera mtengo

Thoko wa ku lab: Lingatupitse koma mochedwa, ndipo atuluka owawasa chifukwa cha mabakiteriya aja. Mutenge la tsiku limene ukuwira kwambiri, musakanize ndi kafulawa ndi madzi ofunda, musiye usiku wonse, mukaona timabowo pamwamba ndiye mukandire. Osagulitsa kaye, yesani pa ana a m'nyumba.

Mai a Mvano: Pa ana ayi!! Ayese pa Mfana wa Ndix

Mfana wa Ndix: ndavomera kudzipereka chifukwa cha sayansi

Kondwa wa ku Bolton: Abale ndabwera ndi lipoti. Lero pa break ndawauza mayi aja zonse, kuti mukamanditi barmy mukunena thovu la mowa lomwe lili mu dzina la banzi mukudyalo. Anasiya kutafuna. Akuti zaka 61 akunena mawu awiriwa tsiku ndi tsiku sanaganizepo kuti ndi amodzi. Kenako anakhala chete nkuti dikira, agogo ake aakazi ankakamba kuti ali mtsikana ankatumidwa ndi kajagi kukagula barm, iye ankayesa ankatumidwa mabanzi ndipo ankadabwa kuti mabanzi mu jagi alowa bwanji. Wafunsa kuti aphunzitsi anuwo anaphunzira ku yunivesite iti ya kuno, ndamuuza kuti ali ku Domasi akuweta nkhuku.

Aphunzitsi Opuma: Ndi abakha. Mumuuze kuti ndi abakha, nkhuku zinatha ndi chitopa.

Kondwa wa ku Bolton: Ndikamuuza. Koma pomaliza wanenabe kuti za masabata awiri zija ndine barmy ndithu, mbiri ya liwu siyikusintha mtengo wa tikiti

Nachisale: Tikiti mwagula kale kapena?

Kondwa wa ku Bolton: Ndagula achemwali, pa 14 ndili pa Chileka. Mandasi a thovu aja mundisungireko awiri